Funso lowawa liyambe kumveka m'chipinda chokonzekera

Anthu ambiri amaganiza kuti kukonzekeretsa mtsogoleri wa dziko kukakumana ndi atolankhani ndi kumuphunzitsa mawu okoma oti aloweze pamtima, koma gawo lalikulu la ntchitoyi ndi kumufunsa mafunso amene sakufuna kuwamva. Alangizi amayamba ndi kusonkhanitsa nkhani zonse zimene zili m'kamwam'kamwa, n'kulemba chikalata chosonyeza funso lililonse limene lingabwere, ziwerengero zimene unduna woyenera watsimikiza, ndiponso mfundo zimene boma silinamange. Kenaka ena mwa iwo amakhala ngati atolankhani, kumupanikiza, kumudula mawu, ndi kubwereza funso limene walizemba. Apa m'pamene pamavuta, pakuti si aliyense amene angalimbe mtima kuuza bwana wake kuti yankho lake silikumveka, ndipo ine ndimaona kuti mlangizi wongowomba m'manja ndi woopsa kuposa mtolankhani waukali.

Pepala lokha silipulumutsa munthu ngati sanalimvetse. Pa 9 Novembala 1989, Günter Schabowski, amene ankayankhulira chipani cholamula cha East Germany, anapatsidwa kalata ya malamulo atsopano olola nzika kupita kunja kwa dzikolo msonkhano wa atolankhani utatsala pang'ono kuyamba. Atafunsidwa kuti malamulowo ayamba liti kugwira ntchito, anasanthula mapepala ake n'kuyankha kuti nthawi yomweyo, pamene cholinga chinali choti ayambe tsiku lotsatira, anthu atapempha zilolezo mwadongosolo. Usiku womwewo anthu anakhamukira ku zipata za khoma la Berlin, limene linkawatsekereza kupita mbali ya kumadzulo ya mzindawo, mpaka alonda anatsegula. Funso lakuti "liti" ndi laling'ono, komabe ndi limene okonzekera amaiwala kawirikawiri, pamodzi ndi lakuti "ndalama zingati" ndi lakuti "anavomereza ndani".

Mtsogoleri amaphunzitsidwanso kusabwereza mawu omuneneza, ngakhale powakana. Richard Nixon, amene anali pulezidenti wa dziko la America, atauza akonzi a nyuzipepala mu Novembala 1973, nkhani ya Watergate (yokhudza kuthyoledwa kwa maofesi a chipani chotsutsa boma lake) ili mkati, kuti iye si tambwali, liwu limene linatsala m'makutu a anthu ndi la utambwalilo. Pokonzekera, alangizi amathandiza mtsogoleri kunena zimene anachita m'malo motchula zimene akumuganizira. Amagwirizananso pasadakhale za mafunso amene sangayankhe, monga nkhani imene ili ku khoti, kuti akafunsidwa anene chifukwa chake mosabisa, ndipo pamene sakudziwa chiwerengero alonjeze kuti ofesi yake ichipereka tsiku lomwelo m'malo mongoyerekeza pamaso pa makamera.