Kalata ya mkulu wa asilikali si umboni wonse, koma musaimate pulasitiki

Ndatopa nawo mawu akuti "analemba yekha ndi dzanja lake, ndiye n'zoona." Ndimawamva kwa ophunzira mbiri yakale, kwa atolankhani, ngakhale kwa aphunzitsi amene amayenera kudziwa bwino. Munthu akangoona kalata imene mkulu wa asilikali wa nthawi ya atsamunda analembera mnzake, yopanda chidindo cha boma, basi waganiza kuti wagwira mtima wa mwini wakeyo. Ife osamala zolembedwa zakale sitiziona choncho.

Akuluakuluwa ankatumiza lipoti la boma, kenako n'kulembanso kalata yapambali kwa mnzawo. M'menemo ndimo ankadandaula za mvula, za kwinini wosafika, za nsapato zong'ambika, n'kujedamo mnzawo amene walephera kugwira mdani. Koma wolembayo ankadziwa kuti kalatayo ikhoza kuonetsedwa kwa womukweza pa udindo. Ankasankha mawu. Wogonja ankaloza chala nyengo kapena mtsogoleri wa gulu lina, ndipo pambuyo pake akubanja ankachotsamo zochititsa manyazi asanapereke mtokomawo kosungira zakale.

Chitsanzo chimene anthu amakonda kundiponyera ndi cha 1916, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Jan Smuts, amene ankatsogolera asilikali a Britain ku East Africa, analembera mdani wake Paul von Lettow-Vorbeck, mkulu wa asilikali a Germany kumeneko, kumuuza kuti dziko la Germany lamupatsa mendulo ya Pour le Mérite, n'kumuyamikira. Awiriwa anadzakumana pa chakudya ku London mu 1929 n'kukhala mabwenzi. Zonsezi zinachitikadi. Cholakwika n'kutenga ulemu wa anthu awiri n'kunena kuti nkhondoyo inali yaulemu.

Mu 1916 momwemo Edward Northey, mkulu wina wa asilikali a Britain, ankalowa m'dziko limene Ajeremani ankalamulira, lomwe lero ndi Tanzania, kuchokera cha ku Karonga, ndipo ufa, zipolopolo ndi mahema ake zinkayenda pamitu ya anthu. Amuna pafupifupi 200,000 a ku Nyasaland anagwira ntchito ya mtengatenga pa nkhondoyo, ambiri ochita kugwidwa m'midzi. Kamwazi, chibayo, njala ndi kuzizira kwa m'mapiri a kumpoto kwa nyanja zinapha ambiri. Mukawafuna m'makalata a akuluakuluwa muwapeza ngati manambala: afika angati, athawa angati, tikufuna ena angati. Hatchi imatha kutchulidwa dzina, wosenza katundu ayi. John Chilembwe anali atafunsa kale mu November 1914, m'kalata yake ku Nyasaland Times, chifukwa chimene Afirika ankafera nkhondo ya eni ake, ndipo boma linaitsekereza kalatayo. Werengani za akuluakuluzo kalata ya Chilembweyi ili pambali.

Komabe sindikuti makalatawa n'ngachabe. Mu 1919 moto unatentha maofesi a boma ku Zomba, ndipo mafayilo ambiri a zaka zam'mbuyo anapsa. Choncho kapepala kotchula mudzi, mfumu, njira kapena tsiku kakhoza kutseka mpata umene National Archives of Malawi ilibe chotsekera. Ambiri a makalatawa anapita ku Britain ndi ku South Africa, koma ena anatsala kuno m'masutikesi a ophika, otanthauzira ndi masajeni a gulu la asilikali la King's African Rifles.

Za banja lina zimandiwawabe. Agogo awo anali wantchito wa mkulu wina wa asilikali, ndipo anasiya mtolo wa makalata womangidwa ndi kansalu. Mdzukulu, pofuna kuchita zabwino, anapita nawo pa kashopu ka fotokope n'kuwamatitsa pulasitiki onse. Makina aja amatentha, ndipo guluu wake amalowa m'pepala. Inki ya nthawi imeneyo ili ndi chitsulo, imadya pepala yokha, ndiye mukaitsekera mkati ndi chinyezi imapitiriza kudya inu osatha kuchitapo kanthu. Tsamba limodzi linali litada moti mayina a midzi sankaoneka. Maenivelopu, amene anali ndi madeti ndi zidindo za positi, anali atawataya poti anali akuda. Anandipempha kuti ndimatule. Kumatula kukanachotsa zilembo pamodzi ndi pulasitikiyo, ndiye tinangojambula zotsalazo.

Chenjeraninso ndi anthu oyenda m'midzi ofuna mamendulo, ndalama zakale ndi mapepala. Amagula mtolo wonse pa mtengo wa thumba la chimanga, n'kukagulitsa kalata imodziimodzi pa intaneti. Mtolo ukamwazika sudziwikanso kuti yankho linali la funso liti. Ena amadzitcha akatswiri okonza, koma chida chawo ndi selotepi ndi ayironi. Selotepi imasiya banga lachikasu losachoka.

Ngati muli nawo makalata oterewa, musadikire kuti mvula ithe kapena kuti mwana wa ku tauni abwere, poti chiswe ndi mphemvu sizidikira. Musawasokoneze ndondomeko imene munawapezamo. Chotsani mapini ndi mphira, muwagoneke pakati pa mapepala oyera, m'bokosi louma lokhala pamwamba, kutali ndi khoma ndi utsi wa kukhitchini. Jambulani tsamba lililonse ndi foni mbali zonse ziwiri, enivelopu yomwe, ndipo mufunse wamkulu wa pabanjapo kuti makalatawo anafika bwanji m'nyumbamo, mulembe zimene anene akadali moyo. Mukatero pitani nawo ku National Archives ku Zomba akawaone.