Kuyeza ndi kuwala pa damu la magetsi

Pamalo opukusira magetsi ndi madzi, zinthu zofunika kuyeza kwambiri zimakhala poti munthu sangafike ndi tepi: chitseko chachitsulo cholendewera pamwamba pa madzi aukali, kapena khoma la damu lenilenilo. Apa mpomwe ife amisiri timadalira laser.

Kachipangizo kake kamaponya kuwala pa chinthu n'kuwerengera nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, choncho ngati chinthu chili pa mtunda wa mamita 150, ulendo wopita ndi kubwerako umangotenga gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi. Zipangizo zina zimafanizira mafunde a kuwala kotuluka ndi kobwerera, ndipo zikaphonya zimangophonya ndi milimita imodzi kapena awiri.

Wina angafunse kuti milimita n'chiyani pa chimango chachikulu chotero. Taonani chitseko chotulutsira madzi. Zitseko zambiri zazikulu zimakokedwa mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imodzi ikatsogola pang'ono, chitseko chimapendama n'kukakamira m'mizere yake. Zikatero madzi atasefukira, ngozi yake si yamasewera. N'chifukwa chake timaika laser kumanja ndi kumanzere: manambala akangoyamba kusiyana, kompyuta imaimitsa makina chitsulo chisanalumane ndi chinzake.

Nalo khoma la damu limasuntha, ngakhale maso saona. Konkire imafutukuka kukatentha, ndipo madzi akachuluka amalikankha. Timamata timagalasi tobweza kuwala pakhomapo n'kumatiyeza tili patali, chaka ndi chaka. Apa mpweya nawo umalowerera: kutentha kukasintha ndi digiri imodzi, muyezo wa kilomita imodzi umasintha ndi pafupifupi milimita imodzi, ndiye woyeza ayenera kulemberatu kutentha kwa nthawi imene akuyeza.

Chovuta kwambiri kuyeza, chodabwitsa, ndi madziwo. Akakhala oyera ndi odekha, kuwala kumangolowa pansi kapena kuthawira kumbali ngati pagalasi, osabwerera ku chipangizo. Njira yake ndi kuimika paipi m'madzi, kuikamo kachoyandama ka pamwamba posalala, laser n'kumaloza pamenepo. Kunena zoona, pamadzi a pamtetete ine ndimakonda radar, yomwe imayeza ndi mafunde a wailesi m'malo mwa kuwala, chifukwa nkhungu ndi nthunzi siziisokoneza kwenikweni.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti laser ikalakwitsa sichita phokoso, imangopereka nambala yooneka bwinobwino. Kangaude akatchera ukonde kutsogolo kwa galasi la chipangizocho, kapena mame akamatirira m'mawa, woyang'anira ali m'chipinda akhoza kukhulupirira muyezo wabodza. Choncho pamafunika munthu wopita kukapukuta galasilo, n'kuyang'ananso ndi maso ake ndodo ya manambala yozikidwa m'madzi, kuti aone ngati ikugwirizana ndi zimene kompyuta ikunena.