Fani yaikulu sithetsa utsi m'khitchini

Ndatopa nalo pempho ili: "Utsi sukutuluka, tiikireni fani yaikulu padenga." Eni malo odyera, eni mabekale, oyang'anira makhitchini a m'mahotela, onse amabwera ndi mawu omwewo. Kawirikawiri ndikakwera padengapo ndimapeza fani ili bwinobwino. Chosowa chimakhala polowera mpweya.

Fani imatulutsa mpweya wokhawo womwe walowa m'nyumba. Ikamakoka popanda njira yoti wina ulowe m'malo mwake, imayamba kukoka paliponse pomwe yapeza mpata. Chitseko cha kukhitchini chimalimba potsegula, m'mawindo mumamveka mluzu, utsi umangozungulira pansi pa hood, chivundikiro chokoka utsi pamwamba pa chitofu, osakwera. Mukaikapo fani yamphamvu kuposa iyo, vutolo limangokula. Ena amasintha pule, kagudumu koyendapo lamba wa mota, kuti fani izithamanga kwambiri, osadziwa kuti liwiro likakwera ndi 10 peresenti, mota imafunika mphamvu yowonjezera pafupifupi 33 peresenti. Mota ija imatentha mpaka kupsa, kenako akuti anagulitsidwa fani yabodza.

Mota mutha kugula ina. Nkhani imene imandivutitsa maganizo mpaka lero ndi ya khitchini ina komwe ophika ankadandaula mutu ndi chizungulire madzulo aliwonse. Mwini wake ankati ndi kutentha chabe. M'kachipinda ka pambali munali chotenthetsera madzi cha gasi, chokhala ndi chumuni chakechake. Ndinawauza ayatse fani, ine nkuika kapepala kopyapyala pakamwa pa chumunicho. Kapepala kaja kanakankhidwira kumaso kwanga. Fani inkakoka mpweya kutsika nawo m'chumuni, utsi wa gasi nkumabwerera momwe anthu ankagwira ntchito. Mu utsi wotere mumatha kukhala carbon monoxide, yemwe alibe fungo kapena mtundu, koma amapha. Ndinawapempha bambowo kuti azimitse chotenthetseracho tsiku lomwelo mpaka titaika fani yolowetsa mpweya wabwino. Anati tidikire mwezi uthe. Sanandiitanenso, ndipo anyamata ophika aja ndimawaganizirabe.

Tsono pali amisiri achidule, omwe amati ntchito ya masiku angapo aimaliza dzuwa lisanalowe. Paipi yotulutsa utsi wa mafuta amaipanga ndi malata wamba, kulumikiza ndi mariveti, kumata silikoni, basi atenga ndalama. Mafuta otentha amadutsa m'malumikiziro otero nkumadontha pang'onopang'ono pamatabwa a denga, m'siling'i momwe simuonamo. Tsiku lomwe lawi la pachitofu lidzakwere m'paipimo, moto udzapeza matabwa onyowa kale ndi mafuta.

Malamulo a NFPA 96, a bungwe la National Fire Protection Association la ku America, omwe amisiri m'maiko ambiri amawatsatira, sabisa mawu pa nkhaniyi. Paipi ikhale ya chitsulo cha geji 16 (geji ndi muyeso wa kukhuthala kwa chitsulo), kapena geji 18 ngati ndi chitsulo chosachita dzimbiri, yowotchereredwa msoko wonse kuti mafuta asatuluke, ndipo italikirane ndi chinthu chilichonse chogwira moto ndi mamilimita 457, pokhapokha patakhala chotchinga chovomerezeka. Fani yake ikhale youluzira utsi m'mwamba, pakamwa pake patalikirane ndi denga ndi mita imodzi, komanso mamita 3 kuchokera polowera mpweya paliponse. Ndaonapo fani yotulutsa utsi itaikidwa moyandikana ndi yolowetsa mpweya, utsi ukutuluka apa nkulowanso apo!

Fani siikhazikidwa pamalata penipeni. Imakhala pachimango chokwezeka, chotchingidwa bwino m'mbali kuti mvula isalowe, ndipo iyenera kukhala ndi mahinjesi kuti wotsuka aziipendeketsa osaigwetsera padenga kapena kudula waya wa magetsi. Pakhalenso kabokosi kolandira mafuta. Ndipo wolumikiza magetsi ayang'ane muvi wosonyeza komwe mapiko akuyenera kuzungulira. Pa magetsi a three-phase, obwera ndi mawaya atatu amoto, mawaya awiri akasinthana fani imazungulira chobwerera, koma imatulutsabe kampweya pang'ono, ndiye anthu amaganiza kuti zili bwino pomwe mota ikuvutika.

Za kutsuka ndi kuyendera, musadikire fungo. Ophikira nkhuni kapena makala aitane mmisiri adzayendere mwezi uliwonse. Khitchini yotanganidwa usana ndi usiku, miyezi 3 iliyonse. Yapakatikati, miyezi 6. Kupukuta hood kunja kuti iwale si kutsuka ayi. Wotsuka weniweni amatsegula timakomo ta paipi, amakwera padenga, amapendeketsa fani, amapala mafuta m'mapiko, amaona ngati lamba waphwa. Akakana kukwera padenga, musamulipire. Ndipo mukaona banga la mafuta pasiling'i pafupi ndi paipi, musayatse chitofu mpaka mmisiri wodziwa ntchito atatsegula nkuona komwe akuchokera.