Pepala la chess ndi mwambo wobwereza gemu

Kuno ku Dedza tikamaliza gemu ya chess pamakhala kamkangano. Achikulire amafuna kuti awiri amene amalimbanawo akhalenso pansi, abwezere zonse pabolodi, ayende gemu yonse potsata pepala limene osewera amalembapo zimene asuntha. Anyamata amangotulutsa foni, kulowetsa gemu pa tsamba la pa intaneti la chess lotchedwa Lichess, pulogalamu younika gemu yotchedwa Stockfish n'kuwalozera pomwe zinawonongekera. Onsewa akudalira chinthu chimodzi: zimene zinalembedwa.

Bawo timalidziwa bwino, koma bawo likatha latha. Mawa lake palibe angakuyalireni nkhomo momwe zinalili. Chess inatenga njira ina kalekale. Gemu yakale kwambiri yodziwika ya malamulo amakono inasungidwa m'ndakatulo ya ku Valencia, ku Spain, cha m'ma 1475, ndipo mpaka lero munthu atha kuisewera pabolodi lake pa Lizulu kapena ku Tsangano.

Kalembedwe kathu ka e4 ndi Nf3, kopatsa kabokosi kalikonse chilembo ndi nambala, anakatchukitsa ndi Philipp Stamma wa ku Aleppo, ku Syria, m'buku lake la 1737. Angerezi anakakamira kawo kwa zaka zambiri, n'chifukwa chake m'mabuku akale achingerezi mumapeza P-K4, zimene zimasokoneza ana athu. Bungwe loyang'anira chess padziko lonse la FIDE, lomwe linakhazikitsidwa ku Paris mu 1924, linasiya kuvomereza kalembedwe kakaleko mu 1981. Lamulo lake likuti pa gemu yaitali aliyense alembe zimene wasuntha iye ndi zimene wasuntha mnzake. Amaloledwa kusiya pokhapokha atatsala ndi mphindi zosakwana zisanu, pomwenso wotchi sikumuwonjezera masekondi 30 kapena kuposerapo akasuntha. Cha m'ma 1993 ndi 1994 Steven Edwards anakonza njira yosungira gemu yotchedwa PGN, kuti kompyuta izitha kuwerenga zolembedwazi. Foni za anyamata zija zimadya pamenepo.

Ine sindidana ndi foni. Imaona zimene tonse sitingaone. Koma gemu ya ife osewera wamba imatayika chifukwa cha mantha, changu, kapena pulani imene inali m'mutu mokha, ndipo izi pepala silisunga. Tsiku lina nditagonja, foni inangondiuza kuti ndinalakwitsa posuntha hatchi. Amene anandigonjetsawo, bambo achikulire ovala chijasi chifukwa cha chisanu cha June, anabweza hatchiyo pomwe inali nati, "Achimwene, apa ine ndimanjenjemera. Mukanakankha pawn iyi ndikanapereka dzanja kuvomera kuti ndagonja." Pawn imeneyo (kamsilikali kakang'ono ka pamzere wakutsogolo) sindinaiyang'ane n'komwe gemu yonse. Tinakhala pamenepo mpaka mlonda anabwera kudzatseka chitseko.