Compiler yakale si ya aliyense

Ambiri amene amalemba mapulogalamu a MS-DOS (dongosolo lakale la Microsoft loyendetsera kompyuta) amakhulupirira kuti compiler (chida chosandutsa zimene mwalemba kukhala pulogalamu yoti kompyuta iyendetse) ikakalamba, kampani n'kusiya kuigulitsa, ndiye kuti yasanduka ya aliyense. Si zoona ayi. Umwini wa pulogalamu sutha chifukwa choti yachoka pamsika. Lamulo la copyright limauteteza kwa zaka zambirimbiri, ndipo kampani ikagulitsidwa, umwiniwo umangosamukira kwa wogulayo. Mwachitsanzo, zida za kampani ya Borland monga compiler ya Turbo C zinapita m'manja mwa kampani ya Embarcadero mu 2008, ndipo mwini wake alipo mpaka lero.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu amakopera mozemba pomwe zololedwa zilipo, zabwinonso. Compiler ya Open Watcom, yomwe source code yake (malemba amene pulogalamuyo inapangidwira) inatsegulidwa kwa onse mu 2003, imapanga mapulogalamu a DOS a 16-bit ndi 32-bit, a Windows 3.1 ngakhalenso a OS/2. DJGPP, compiler ya GCC yosinthidwa kuti igwire pa DOS, imene DJ Delorie anaiyamba mu 1989, nayonso ndi yaulere, koma mapulogalamu ake amafuna purosesa ya 386 kupita m'tsogolo. Ngati kompyuta imene mukuilembera pulogalamu ili ndi purosesa yakale ya 8086 kapena 286, musataye nthawi ndi DJGPP. Tengani Open Watcom n'kusankha 16-bit.