Chinyezi m'khola la njoka kapena buluzi si kunyowetsa pansi

Ambiri oweta buluzi, bilimankhwe kapena njoka amaganiza kuti akathira madzi pansi pa khola ndiye kuti chinyezi chakwana. Si choncho. Chofunika ndi chinyezi cha mumpweya, koma pogona pa nyamayo pazikhala pouma. Ikamagona pa utuchi wonyowa tsiku ndi tsiku, mamba a kumimba amachita zilonda n'kuyamba kuwola, ndipo m'khola losapita mphepo nkhungu imamera msanga.

Musamayese ndi dzanja. Gulani hygrometer, kachipangizo koyezera chinyezi cha mumpweya, mukaike pakati pa khoma, kutali ndi getsi lotenthetsa. Njoka ya mtundu wa ball python imafuna chinyezi cha 55 mpaka 65 peresenti, ndipo ikamafundula chifike 70. Kuno ku Kasungu nthawi yovuta ndi Seputembala ndi Okutobala, mpweya ukauma gwa. Chinyezi chikachepa chonchi, pofundula chikopa chakale chimatsalira m'maso ndi kunsonga kwa mchira, ndipo pa buluzi chimamanga zala mpaka kuduka.

Yalani makoko a kokonati opera okhuthala masentimita 8 mpaka 10, madzi muzithira m'makona kuti alowe pansi, pamwamba posanyowa. Phimbani theka la sefa yotsekera khola pamwamba, osati yonse. Mbale yamadzi yotakata ikhale kumbali yotentha kuti nthunzi izikwera, ndipo muikenso kabokosi koboola pakhomo kokhala ndi moss (tizomera tofewa tosunga madzi) wonyowetsa n'kufinya bwino.

Bilimankhwe ndiye wake wake: kawirikawiri samwa m'mbale, amanyambita madontho pamasamba. Mupopereni madzi pamasambapo m'mawa ndi madzulo. Mvula ikakhazikika mu Disembala, chepetsani kupopera ndi kuchotsako chophimba pa sefa ija.