Asanafike ku polisi: ubongo wa mwana ndi milandu ya achinyamata

Uthenga uwu ndi wa makolo, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, apolisi ndi aliyense amene akulera mwana.

Pamudzi pali ana amene timawatchula kuti ankhutukumve kapena a mutu wouma, ndipo ena timafika ponena kuti analodzedwa. M'kalasi sakhazikika. Mukawatuma mchere ndi sopo amabwera ndi machesi, akakwiya amagenda asanaganize. Ena mwa ana amenewa ubongo wawo unakula mosiyana ndi wa anzawo, kapena unavulala ali aang'ono. Ambiri amakula osaonako chitseko cha polisi, koma madokotala akalowa m'malo osungira achinyamata opalamula amapeza kuti ana otere achulukamo modabwitsa.

Mu 2012 ofesi ya komishonala wa ana ku England inasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku osiyanasiyana. Mwa achinyamata wamba, awiri mpaka anayi pa 100 alionse ndiwo ali ndi vuto lalikulu la kuphunzira ndi kumvetsa zinthu, pomwe mwa amene ali m'ndende za ana ndi 23 mpaka 32 pa 100. Ovutika kulankhula ndi kumvetsa zimene akuuzidwa ndi 5 mpaka 7 pa 100 kunja kuno, koma m'ndendemo ndi 60 kapena kuposa.

Ku Banksia Hill, malo osungira ana opalamula mumzinda wa Perth ku Australia, akatswiri anayeza achinyamata 99 ndipo zotsatira zinatuluka mu 2018. Pafupifupi 9 mwa 10 alionse anali ndi vuto lalikulu m'mbali ina ya ubongo, ndipo 36 ubongo wawo unaonongeka ndi mowa ali m'mimba mwa mayi awo. Mwa 36 amenewa, awiri okha ndiwo anali atadziwika kale. Enawo anadutsa m'manja mwa aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi oweruza milandu popanda wozindikira. Apa ndi pamene pakupweteka mtima kwambiri.

Mavuto ake ndi ati?

Pali ADHD, imene imachititsa mwana kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi ndi kudziletsa. Mbali ya ubongo ya kuchipumi, imene imamuuza munthu kuti "taima kaye", imamaliza kukhwima munthu atapitirira zaka 20, ndipo kwa mwana wa ADHD imachedwerapo. Ali ngati njinga ya mabuleki ofooka pamtsetse: woyendetsa akuliona dzenjelo koma kuima kukukanika. Palinso kuchedwa nzeru, kuvutika kuwerenga ndi kulankhula, kuonongeka kwa ubongo chifukwa cha mowa, ndi kuvulala mutu. Pa otizimu, vuto limene limachititsa mwana kuvutika kucheza ndi kumvana ndi anthu ena, tisamale ndi mawu athu. Ana ambiri a otizimu amatsatira malamulo kwambiri, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amachitiridwa nkhanza.

Kuno kwathu pali zinthu zovulaza ubongo wa mwana zimene ku England sazidera nkhawa kwenikweni, ndipo chachikulu ndi malungo a mu ubongo. Kafukufuku wa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anasindikizidwa mu 2010, anatsatira ana 132 amene anachira malungo amenewa. Ana 12 anayamba kugwa khunyu, ndipo ena anasintha khalidwe, kukhala aukali ndi osakhazikika. Kafukufukuyu sanali wa milandu, koma akuonetsa kuti mwana akhoza kutuluka m'chipatala thupi lili bwino, ubongo uli ndi chipsera. Mayi akamati "chidwalireni muja mwanayu si yemwe uja", akunena chinthu chofunika kuti achipatala achimve. Matenda oumitsa khosi, kubanika pobadwa, kunyentchera, kugwa mumtengo wa mango, ngozi ya kabaza popanda chipewa, ngakhalenso kumenyedwa m'mutu pakhomo, zonsezi zimatha kusiya vuto lofanana.

Njira yake imayenda chonchi

Vuto la mu ubongo palokha silisandutsa mwana kukhala wakuba. Zimene zimamugwetsa ndi zimene zimachitika vutolo likapanda kudziwika. Mwana sakumva za m'kalasi, akubwereza sitandade imodzimodzi, anzake akumuseka kuti mbuli, kunyumba chikwapu. Kenaka amaleka sukulu n'kumakhala pamsika. Kumeneko amapeza anyamata akuluakulu amene kwa nthawi yoyamba amamutchula kuti mnzathu. "Iwe mfana, tagwira chikwamachi, utidikire apa." Iye sanafunse kuti m'chikwamamo muli chiyani. Anthu akamathamangitsa akuba, amene amagwidwa ndi iyeyo, chifukwa ndi amene sanadziwe kuti ino ndi nthawi yothawa. Mowa ndi chamba zikalowapo, kudziletsa kochepa kumene anali nako kumatheratu.

Ku polisi vutolo limakula. Mwana amene samvetsa mafunso ataliatali amangoyankha kuti "eya bwana" pa chilichonse kuti zithe msanga, mpaka kuvomera zimene sanachite. Nkhani yake imasinthasintha chifukwa satha kukumbukira zinthu motsatana, ndiye amaoneka wabodza. Wina amaseka chifukwa cha mantha, anthu n'kumati ndi wamwano. Tsiku la kukhoti amaliiwala, n'kuonjezera mlandu pa mlandu.

Zimene mungachite

Mayi woyembekezera asamwe mowa wa mtundu ulionse, kaya kachasu, masese kapena wa m'botolo, ndipo bambo amuthandize pa zimenezi. Mwana agone m'masikito, ndipo akatentha thupi n'kukomoka kapena kuuma khosi, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ku sikelo musangoyezetsa kulemera kokha. Nenani ngati mwana wachedwa kukhala, kuyenda kapena kulankhula.

Mwana amene akuvutika kusukulu, kambiranani ndi aphunzitsi ake msanga, ndipo funsani ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu. Kuchipatala cha boma funsani woona za matenda a maganizo. Akaona kuti n'kofunika amatumiza kwa akatswiri, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Chithandizo chimagwira ntchito. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2012 wa anthu oposa 25,000 a ADHD anapeza kuti pa nthawi imene anali kumwa mankhwala, milandu inatsika ndi 32 pa 100 mwa amuna ndi 41 pa 100 mwa akazi. Mankhwalawa amalemba ndi dokotala yekha, ndipo si mwana aliyense amene amawafunika. Pakhomo, mutumeni chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muyamikireni akachita bwino, ndipo dziwani amene akucheza nawo. Kumenya sikukonza ubongo.

Mwana akagwidwa, pitani ku polisi mukhale naye pomwe akufunsidwa. Tengani buku lake la kuchipatala, ndipo muwauze apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu ngati anadwalapo malungo a mu ubongo, anavulalapo mutu, amagwa khunyu kapena satha kuwerenga. Inu apolisi, funsani mafunso aafupi, ndipo musakhutire ndi "eya": muuzeni abwereze m'mawu akeake zimene wamva. Ku Malawi mwana wosakwana zaka 10 saimbidwa mlandu, ndipo lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limalola kuti milandu ing'onoing'ono ya ana ithetsedwe popanda kuzengedwa kukhoti. Wolakwiridwayo amamvedwa, mwananso amathandizidwa. Mukasowa poyambira, imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana, kapena pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau (bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya) imene muli nayo pafupi.